Ziro wa kwa Sumaili

Mapampu onse a bungwe la madzi ankaoneka pa TV yaikulu imene inapachikidwa pakhoma mu ofesi ya ku Zomba. Pampu iliyonse inali ndi tsamba lake: dzina la mudzi pamwamba, mzere wosonyeza madzi amene anthu atunga ola ndi ola, ndi kadontho pakona, kobiriwira zinthu zikakhala bwino, kofiira zikavuta. Masamba amenewa mu ofesimo ankawatchula kuti madashibodi, ndipo wowapanga anali Latifa.

Sankawapanga limodzilimodzi ayi. Atangoyamba ntchito anayesa kutero, koma anatopa asanafike n'pakati pomwe. Ndiye analemba tsamba limodzi lachitsanzo, lopanda dzina la mudzi, ndipo m'mawa uliwonse pulogalamu yake inkatenga chitsanzocho n'kuumba masamba a midzi yonse mwatsopano. Gerishomo, amene ankayendera mapampu pa njinga yamoto, ataona koyamba anati, "Achemwali, ichi ndi chikombole cha njerwa basi." Dzinalo linakanirira. Ngakhale amadamu Gloria, mkulu wa ofesiyo, ankangoti chikombole.

Manambala ankachokera kumidzi konko. Pa thanki iliyonse panali kabokosi kachitsulo kokhala ndi kasola kake kakang'ono pamwamba. Kabokosiko kankawerenga madzi odutsa mu paipi n'kutumiza uthenga pa netiweki ya foni.

Lachisanu lina masana amadamu anaima kutsogolo kwa TV ija manja ali m'chiuno.

"Latifa, tandiikira ya kwa Sumaili."

Latifa anaika. Mzere unali utagona pansi kuyambira nyengo yozizira. Ziro, ziro, ziro. Kadontho kali psuu.

"Lamulo la otithandiza ukulidziwa," anatero amadamu. "Pampu ikangokhala osagwiritsidwa ntchito, masola oiyendetsa amachotsedwa n'kupita kumene anthu akuwafuna. Kwa Jamali chitsime tinakumba kalekale, thanki ilipo, akungodikira masola. Lole ikupita Lachinayi."

"Kwa Sumaili ndi kwathu, amadamu. Wapampando wa komiti ya madzi ndi mayi anga."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakuuza ndekha usanamvere kwa Gerishomo."

"Ndimalankhula nawo pa foni. Akuti madzi akutuluka bwinobwino."

"Komiti iliyonse imatero ikamva kuti kukubwera lole." Amadamu sanalankhule mwaukali. Anali mayi woti akaona nambala amaikhulupirira kuposa misozi, chifukwa misozi inawapusitsapo kambiri. "Nyanja yathawa chaka chino. Anthu akwanu atsatira madzi, ena ali m'zimbowera, timisasa tija ta asodzi ta pamadzi, ena apita kukagwira ganyu m'minda ya mpunga ku Likangala. Mudzi ukakhala wopanda anthu si mlandu wa munthu. Tsambali ndi lako lomwe, si ine ndalemba."

Gerishomo anali pakona akupukuta chisoti chake. Njinga yake inali itakhala nthawi yaitali osayenda chifukwa cha kusowa kwa mafuta, moti ntchito yake inasanduka kupukuta chisoti ndi kumwa tiyi wa anthu ena.

"Mukanandipatsa mafuta ndikanakaona," anatero.

"Mafuta ali m'thanki ya lole," amadamu anayankha osacheuka.

Loweruka m'mawa Latifa anakwera minibasi ya ku Kachulu, laputopu ili m'chikwama pamiyendo. Atatsika, fumbi linali litamulowa mpaka m'mano. Padoko panalibe doko. Mabwato anali atagona chammbali pa matope ong'aluka, ndipo madzi ankangonyezimira kutali ngati malata. Amayi ochepa ankayanika matemba pa thandala, ntchentche zikuchuluka kuposa nsombazo. Mumtima mwake anati mwina amadamu akunena zoona.

Wakabaza anamutsitsa pafupi ndi mzikiti wa kwa Sumaili. Asanaone thanki anamva phokoso la ndowa.

Mzere wa zigubu ndi ndowa unachoka pa mipopi n'kukhota kuseri kwa mtengo wa mango. Panali amayi a m'mudzimo, komanso ena amene Latifa sankawadziwa, ochokera midzi ya kufupi ndi nyanja kumene zitsime zimatulutsa madzi amchere. Bambo wina anali atamangirira zigubu pa njinga kuti akagulitse kwa asodzi kumadzi kuja. Chitsime cha kwa Sumaili chokha ndicho chinali ndi madzi okoma m'dera lonselo, ndipo nyanja itathawa anthu anachuluka m'malo mochepa.

"Ee, wabwera wa makompyuta!" anakuwa mayi wina. "Watitengera chiyani ku tauni, kapena wangobwera ndi magalasi akowo?"

"Ndabwera kudzaona ngati mumasamba," anatero Latifa, ndipo mzere wonse unaseka.

Mayi ake, a Hadija, anali pa mpando wawo pafupi ndi mipopi, kiyi wa mpanda ali pakhosi. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, woti akanena kuti chigubu ichi chadumpha mzere, chigubucho chimabwerera chokha. Latifa anagwada pang'ono n'kuwapatsa moni. Kenako anakweza maso pa mwendo wa thanki, pamene panali kabokosi.

Kabokosi kanali katavala.

Chinali chovala choluka ndi ulusi wobiriwira ndi woyera, chokwana bwino ngati chipewa cha khanda, chophimba pamwamba ndi m'mbali monse, ndi timphonje tolendewera m'munsi. Pamwamba penipeni, pamene panayenera kuoneka kasola, panali duwa lalikulu loluka.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Waona eti?" A Hadija anamwetulira. "Ndinkadikira kuti udzaone ndi maso ako, n'chifukwa chake sindinakuuze pa foni. Ulusi ndinaitanitsa ku Songani."

"Mwaveka liti?"

"Fumbi litangoyamba. Iwe, fumbi la kunyanja kouma kuja ukulidziwa? Limalowa ndi m'mphika wovindikira. Ndiye mbalame nazo zinapeza chimbudzi pompo. Ine n'kuona kuti ayi. Wailesi timaivindikira, makina osokera timawavindikira, nanga chinthu cha mwana wanga chikhale pamtunda ngati chilibe mwini? Tsiku lija lotsegulira, abwana ako aja anatiuza kuti kabokosi aka mukasamale."

"Ndiye simuchivula?"

"Lachisanu lililonse ndimachapa. Koma ndinaluka ziwiri. Ndikavula china ndimaveka chinzake nthawi yomweyo. Sikanakhalepo kosavala ndi tsiku limodzi lomwe."

Latifa anabwereka mpando wa mayi ake, nakwerapo, namasula chovalacho. Kasola kanali koyera ngati katsopano, kopanda ndi kafumbi komwe. Kanyale kamene kamayenera kumaphethira kutsogolo kanali kozima. Anatsegula chitseko cha kabokosi ndi kiyi wa ku ofesi. Batire linali litatupa ngati mandasi.

Anatsika pampando chovala chili m'manja. Amayi a pamzere anali atasiya kucheza.

"Amayi, kagalasi aka kamadya dzuwa, ngati masola aakulu aja. Kakapanda dzuwa batire limafa. Batire likafa, kabokosi sikatumiza uthenga. Ku ofesi akuona ngati pano palibe amene akutunga. Lachinayi kukubwera lole kudzachotsa masola."

Madzi anasefukira mu ndowa ina, mwini wake osaona.

"Kuchotsa kupita nawo kuti?" anafunsa mayi amene ankaseka za magalasi uja.

"Kwa Jamali."

"Ndiye ife tizimwa chiyani? Tibwerere kumadzi a m'zithaphwi aja? Chaka chija cha kolera mwaiwala?"

A Hadija sanayang'ane munthu. Anatenga chovala chija m'manja mwa Latifa, nachipinda kawiri, nachiika pamiyendo.

"Ndiye ndine ndapha pampu."

"Pampu simunaphe. Si iyo ikutulutsa madziyi? Mwangokatseka pakamwa kabokosi."

"Palibe amene anatiuza kuti kamadya dzuwa."

Zinali zoona. Tsiku lotsegulira panali nyimbo, magule ndi zolankhula zambiri, koma za kagalasi palibe anatchula.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, Latifa anakhala pakhonde n'kutsegula laputopu. Mawu amene anauza mayi ake aja ankamubwerera. Kabokosi kanatsekedwa pakamwa. Sikananene kuti madzi palibe. Sikananene chilichonse. Nanga ziro uja ananena ndani?

Anatsegula chikombole n'kutsika nacho pang'onopang'ono mpaka anapeza mzere umene ankaufuna. Unali waufupi, ndipo tanthauzo lake linali lakuti uthenga ukapanda kubwera, lembani ziro. Anaulemba yekha chaka chatha, chifukwa netiweki ikadukaduka mizere ya pa TV inkaoneka ya mipatamipata ngati mano a nkhalamba, ndipo alendo ankafunsa mafunso. Ziro ankatseka mipatayo bwinobwino. Ndipo popeza chikombole chinali chimodzi, mzere umenewo unali m'tsamba la mudzi uliwonse.

Lamulungu lonse kabokosi kanakhala padzuwa osavala. Kanyale sikanayake. A Hadija anadutsapo kangapo, akuyang'ana m'mwamba.

Lolemba amadamu kunalibe, anali ku msonkhano. Latifa anafotokozera Gerishomo zonse, ndi zithunzi za mzere wa zigubu pa foni. Gerishomo anaseka mpaka kutsamira khoma ataona chithunzi cha duwa lija.

"Koma mayi anu ndi katswiri! Andilukire cha chisoti changachi."

"Sizoseketsa, achimwene."

"N'zoseketsa pang'ono. Nanga mutani?"

"Ndikonza chikombole, koma kuti chigwire ntchito mpaka amadamu avomere. Masamba amenewa otithandiza amawaonanso kwawo."

"Aaa, njira yaitali imeneyo. Lachinayi ndi pafupi."

Latifa anakhala tsiku lonse akulemba ndi kuyesa pa laputopu yake. Sanaone kuti Gerishomo wakhala nthawi yaitali pa kompyuta ya pakona, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

Lachiwiri m'mawa amadamu analowa osapereka moni.

"Latifa, bwera kuno."

Anamuonetsa foni. Chinali chithunzi cha tsamba la kwa Sumaili chimene anajambula dzulo lake ali ku msonkhano. Kadontho kanali kobiriwira, mzere uli m'mwamba, wowongoka ngati waya wa magetsi. Kenako analoza pa TV. Tsamba lomwelo linali litabwerera pa ziro, kadontho kali psuu.

"Dzulo madzi ambirimbiri, lero ziro. Undiuze. Ndinakukhulupirira ndi chinthu ichi chifukwa ndinkati manambala alibe achibale."

Latifa asanatsegule pakamwa, Gerishomo anatsokomola.

"Amadamu, ameneyo ndi ine."

"Iwe?"

"Ndinangolowa pa tsambalo n'kulemba nambala ndi dzanja. Ndimati ndithandize. Nanga si madziwo akutulukadi? Koma m'mawa uno ndikuona zonse zafufutika. Ndimaganiza kuti mwina achemwaliwa andigwira."

"Sindinakugwireni ine," anatero Latifa. "Chikombole chimaumba masamba onse mwatsopano m'mawa uliwonse. Chimene mwalemba ndi dzanja chimafafanizika. Ndinachipanga dala choncho, kuti pasapezeke munthu wokometsera tsamba la kwawo."

"Ngakhale iwe?" anafunsa amadamu.

"Ngakhale ine."

Amadamu anayang'ana Gerishomo nthawi yaitali. "Iwe tikambirana bwino. Pita ukapukute chisoti." Gerishomo sanapite, anangosuntha pang'ono. Amadamu anakhala pansi. "Chabwino. Ndiuze za kwanuko."

Latifa anafotokoza za mzere wa zigubu, za chovala, za batire lotupa. Anaonetsa zithunzi. Amadamu ataona duwa lija pakamwa panagwedezeka, koma anadzigwira.

"Zithunzi za zigubu munthu angajambule tsiku lililonse akaitana abale ake. Sindikunena kuti watero. Ndikunena zimene andifunse otithandiza."

"N'chifukwa chake sindikupempha kuti mukhulupirire zithunzi. Vuto lili m'chikombole. Kabokosi kakakhala chete, chikombole chimalemba ziro. Ndinalemba choncho ndine, ndipo n'kulakwitsa. Pampu yosatungidwa ndi kabokosi kosalankhula ndi zinthu ziwiri, koma pa TV apa zikuoneka chimodzimodzi."

Anatembenuza laputopu. Pamenepo panali masamba onse monga mmene angaonekere chikombole chikasinthidwa. Anawonjezera mtundu wachitatu wa kadontho, kotuwa, ndi mawu akuti palibe uthenga. Mzere sunkagwanso pansi, unkangoduka.

Tsamba la kwa Sumaili linali lotuwa. Koma silinali lokha. Amadamu anatsitsa masambawo ndi chala. Apa kotuwa, apo kotuwa. Midzi ina imene ankaiwerengera kuti ikutunga madzi ochepa inali ndi mizere yodukaduka, masiku olankhula ochepa, masiku achete ambiri.

"Zonsezi?"

"Zonsezi sitikudziwa. Kwina ndi netiweki, kwina batire. Kwina mwina pampu inafadi."

"Kwina aveka juzi," anatero Gerishomo chapansipansi.

Amadamu sanaseke. Anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ukudziwa kuti mwezi watha ndinaimirira pamaso pa otithandiza aja n'kuwauza kuti pampu iliyonse timaiona tsiku lililonse? Mawa atsegula aone phulusa lokhalokha. Sungasinthe tsamba la kwanu lokhalo? Enawa tiziwakonza mwakachetechete."

"Ndingathe kulichotsa m'chikombole kuti likhale palokha. Koma ndiye kuti tsamba la kwa wopanga masamba ndi lokhalo lonena zoona. Mudzi wina ukadzagona pa ziro, lole idzapitanso, ndipo kumeneko kulibe mwana wogwira ntchito muno."

Panja wogulitsa nthochi ankaitanira malonda. Amadamu anabwezera magalasi, nayang'ananso masamba otuwawo limodzilimodzi, ngati munthu wowerenga mbuzi zimene zalowa m'munda mwake.

"Sintha," anatero. "Otithandiza ndiwalembera ndekha asanafunse."

Latifa anayamba kutembenuza laputopu, koma amadamu anaigwira.

"Sindinamalize. Kutuwaku sikunapulumutse pampu ya kwanu. Kukungonena kuti sitikudziwa. Lole ndiiimitsa sabata imodzi. Mafuta ake apite m'njinga ya uyu, atenge mabatire, ayambire kwa Sumaili kenako azungulire kotuwa konseko. Kabokosi kakadzuka n'kunena kuti anthu akutunga, masola akhala. Kakanena ziro ndi pakamwa pake, masola akupita kwa Jamali, ndipo pa loleyo udzakwera ndiwe, ukawauze wekha mayi ako."

"Ndamva, amadamu."

"Ndipo iwe Gerishomo, kulikonse ukafike, uwauze anthu kuti kagalasi kaja kamadya dzuwa. Usangomwa thobwa n'kubwerera."

Lachitatu Gerishomo ananyamuka m'mamawa, chisoti chikuwala kuposa njinga. Masana anaimba foni.

"Achemwali, batire ndaika, kanyale kakuphethira. Koma mayi anu andikhazika pansi ngati ndaba nkhuku. Akuti chifukwa chiyani sindinanene za dzuwa pamene ndinkamanga kabokosi."

"Mwawayankha chiyani?"

"Ndati pepani. Nanga pali china? Andipatsa mpunga ndi mlamba, ndiye ndikuona ngati mlandu watha. Dikirani ndikutumizireni chithunzi."

Chithunzi chinafika. Kabokosi kanali katavalanso. A Hadija anali atamasula ulusi wa pamwamba ponse, duwa lija n'kulichotsa, n'kulukanso m'mphepete kuti chovalacho chizigwira m'mbali mokha ngati siketi. Kasola kanali pamtunda, kakuyang'ana kumwamba. Duwa analisokerera kutsogolo, pansi pa kanyale.

Latifa anawaimbira.

"Amayi, ndaona."

"Waona chiyani? Fumbi likadalipo. M'mbalimo dzuwa sikadyeramo, ndamufunsa mnzakoyo kawiri." Kenako anafunsa, "Ndiye kayamba kulankhula?"

"Tiona mawa m'mawa."

"Kanene zoona. Lero tatunga mpaka mikono kuwawa."

Lachinayi Latifa anafika ku ofesi asanatsegule, nadikira mlonda pakhomo. Amadamu anafika iye atayatsa kale TV. Anaima onse awiri akuyang'ana pamene chikombole chinkaumba masamba a tsikulo, limodzi pambuyo pa linzake. Ena anatuluka obiriwira, ena otuwa. Lina limene linali lotuwa dzulo linatuluka lofiira: Gerishomo anali atadutsako madzulo, kabokosi kanadzuka, ndipo pampu ya kumeneko inali yakufadi, anthu akumwa madzi a m'dambo popanda amene akudziwa ku ofesi.

"Iyo tiithamangire," anatero amadamu. "Ika ya kwanu."

Tsamba la kwa Sumaili linali ndi mpata wautali wopanda kanthu, kuyambira nyengo yozizira mpaka dzulo masana. Kumapeto kwa mpatawo mzere unayamba, osati pansi, koma pamwamba, pafupi ndi dzina la mudzi. Unatsika usiku, n'kukweranso m'bandakucha, nthawi imene a Hadija amatsegula mpanda akachoka kokaswali ku mzikiti. Kadontho kanali kobiriwira.

Amadamu anauyang'ana kwa kanthawi.

"Anthu amenewa akutunga kuposa midzi ina yonse," anatero. "Thanki imeneyo ikuwakwanira?"

"Sikwanira."

"Usayambe. Masola akhala, basi."

Anatenga foni yawo n'kuyamba kufufuza nambala. Latifa anadziwa kuti ndi ya wapampando wa kwa Jamali, amene anali atauza kale anthu ake kuti asese pa thanki chifukwa lole ikubwera. Amadamu analowa mu ofesi yawo n'kutseka chitseko, ndipo mawu awo ankamveka pang'ono kuseri, akupereka moni wautali kuposa masiku onse.

Latifa anakhala pa mpando wake. Analembera mayi ake uthenga waufupi wakuti lole sikubwera. Yankho linafika nthawi yomweyo, lolembedwa ndi munthu wina amene anawagwirira foni: chovala chachiwiri chija nachonso achimasula pamwamba, ndipo ngati ku ofesi kuli timabokosi tina tosavala, anene kukula kwake.